Ndodo Imene Inkanditsata M'mapesi

Chaka chimene ndinathyoka mwendo n'kuti ndikugwira ntchito ya msonkho ku Chitipa, kutali ndi kwathu kummwera. Njinga yamoto imene ndinakwera inaterereka pa msewu wa ku Wenya mvula itangokata. Atandichotsa chikhakha, mwendo wamanzere unali woonda, wotuwa, ngati wobwereka. Ndinkayendera ndodo yachitsulo ya kuchipatala, imene inkalira go, go, pa nthaka youma.

Mayi wina wapolisi, amene tinayandikana nyumba, ndiye ananditengera ku jimu, kochitira masewera olimbitsa thupi. Inali nyumba imene kale munali chigayo, kuseri kwa msika, mazenera ake otseka ndi malata. Zonyamula zinali magiya a malole akufa ndi simenti youmitsa m'zitini. Mwini wake anali bambo wachikulire wa ku Kaseye, mlimi wa chimanga, amene Chichewa chake chinkatsamira ku Chitumbuka.

"Mwawuka uli, adada?" anandilonjera, maso ali pa mwendo. "Uwu wagona chabe. Tiudzutsa pachoko pachoko."

Anandiyambitsa kukwera pa njerwa n'kutsika, kenako kukoka chubu cha njinga ndi phazi. Ndikadzandira, wina ankasiya chitsulo chake n'kudzandigwira mkono. Tsiku limene ndinaima ndi mwendo umodzi onse anaomba m'manja, ndipo bambowo anandilanda ndodo n'kuipachika pa msomali pamwamba pa chitseko.

Zinayamba sabata yomweyo. Inali nyengo yozizira, mphepo ikuchokera ku Mafinga, chifunga chili phaa m'mamawa. Njira yanga ya ku jimu inkadutsa m'munda wokolola kale, mapesi ali chiimire. Ndili pakati pa mundawo ndinamva go, go, kumbuyo kwanga. Ndinaima, kulirako kunaimanso. Nditacheuka ndinangoona mapesi ndi chifunga. Nditaponda, kunayambiranso, molingana ndendende ndi phazi lamanzere.

Nditafika ku jimu ndinapeza ndodo ili pa msomali pake, koma ikugwedezeka pang'ono. Mwina wina anali atangotseka chitseko. Sindinafunse.

Mawa lake zomwezo, mkuja zomwezo. Mwendo unayambanso kulemera, ndipo ndinayamba kutsimphina kuposa kale. Ndinasiya kupita. Kuuza anthu ndinkaopa, poganiza kuti andiseka kuti mlendo wayamba kulota ufiti masana.

M'mawa wina kunamveka odi. Anali mayi wapolisi uja, bambo wa jimu, ndi amuna awiri onyamula matumba mumsika amene tinkachita nawo masewerawo.

"Achimwene, njerwa yanu ikukufunsani," anatero mayiwo. "Chavuta n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi. Palibe anaseka. Bambowo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Valani nsapato, adada. Tikamve tonse."

Tinalowa m'mapesi muja mondondozana, bambowo patsogolo, ine pakati, mayiwo kumbuyo kwanga. Chifunga chinali chitatseka moti msana wa bambowo ndinkauona mwa apo ndi apo. Tonse tinatchera makutu. Tsono pakati pa munda kunamveka: go. Go. Ndinaima pomwepo. Dzanja la mayiwo linagwa paphewa panga, lozizira, ndipo linafinya kwambiri.

"Musacheuke," ananong'ona. "Pondani ndi wamanzerewo. Pondani!"

Amuna aja anayamba kuponda mwamphamvu ngati asilikali, bambowo akuitanira kutsogolo, ndipo ndinaponda nawo mpaka tinatulukira pa msewu. Ndinafunsa mayiwo ngati anamvako.

"Mawa tidzakutenganinso," anangoyankha choncho.

Anabweradi, ndipo ankasinthana kundiperekeza nyengo yonse yozizira. Ndodoyo bambowo anaibweza kuchipatala kuti ikathandize wina. Kulirako kunkatsalira kumbuyo tsiku ndi tsiku, mpaka ndinaleka kukumva. Chimene chinali, mpaka lero sindidziwa, ndipo mwa anzangawo palibe anaitchulanso nkhaniyi.

Mvula isanagwe ndinanyamula giya yaikulu ndili chinjutire, mwendo osanjenjemera. Loweruka lotsatira tinathamanga gulu lonse pa msewu wa ku Kaseye. Ndinali womaliza, fumbi lili m'kamwa, koma ndinawapeza akundidikira pa kamlatho. Tinagula nthochi kwa mayi wina wodutsa n'kudyera pomwepo, mphepo ikutiumitsa thukuta.