Kukatenga Mbewu ya Buledi ku Chintheche

Ndinanyamuka pa Bangula m'mamawa, m'chikwama muli botolo lopanda kanthu. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo mawu awo anali omwe aja: "Ukabwera chimanjamanja, ukwati wa Tadala ine sindidzavinako." Tadala ndi mwana wanga woyamba, ndipo amayi anga saopseza pachabe.

Nkhani yake ndi iyi. Kale sitima zikuyendabe mu Shire, ku Chiromo kunakhazikika Mfalansa wina wogula thonje, amene anthu ankamutcha Piye. Anakwatira Mmang'anja n'kubereka ana aakazi awiri, Mariya ndi Luwiza. Chuma sanasiye, koma anasiya chotupitsira buledi: phala lowawasa la ufa watirigu limene umaliwonjezera ufa ndi madzi kuti lisafe. Ife timalitcha mbewu, ndipo mtsikana aliyense wa kwathu amagawiridwako akamakwatiwa. Yathu ife a mbumba ya Mariya inapita ndi madzi osefukira. Luwiza anakwatiwa ndi Mtonga wogwira ntchito m'sitima, napita kumpoto, osamvekanso. Chimene chinandinyamula ndi mawu a Che Yusufu ogulitsa usipa, oti ku Chintheche anadyako buledi wamtali wowawasa ngati wathu.

Minibasi inakwera mapiri a Thabwa ikutsokomola, ife tikuilimbikitsa ndi mapemphero. Ku Blantyre ndinasinthira basi ya ku Salima, kumene ndinagona kwa mlamu wanga. Kutacha kondakitala anandiuza kuti mpaka Chintheche ndi K25,000, ndipo ananena akuyang'ana kumbali. Msewu wopyola Nkhotakota unatigwedeza mpaka ndinaiwala njala. Pa Dwangwa ndinagula chinangwa chokazinga, n'kugawirako mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi. Iye anasuzumira m'chikwama changa.

"Botolo lopanda kanthu mtunda wonsewu? Kodi mukukatunga nyanja?"

Nditamufotokozera anaseka mpaka misozi, kenako anamasulira basi yonse m'Chitonga. Pofika pa Kande aliyense ankanditcha Mfalansa, ine wakuda bii.

Tinafika pa Chintheche dzuwa litangopendeka. Ndinauza bambo wa kabaza kuti ndikufuna mbumba ya Mfalansa.

"Kwerani amama, azungu onse ndikuwadziwa," anatero.

Anapalasa mpaka kumchenga wa ku Makuzi, n'kundilozera mzungu wina atagona padzuwa, msana uli psuu. "Abale anu awo." Ndinapsa mtima, koma kuseka kunandiposa. Mtsikana woperekera zakudya pamalopo, wa kwawo ku Dedza, ndiye anatiwombola.

"Buledi wowawasa? Ameneyo timakagula kwa Anyachirwa, ku Bandawe, kuseri kwa sukulu."

Tinawapeza ali pa uvuni wa njerwa, mayi wamkulu wakuda kuposa ine, ufa uli mbee mpaka m'zigongono. Fungo lokha linandigwetsa misozi, pakuti ndi fungo la pakhomo pathu madzi asanabwere. Anamvetsera nkhani yanga yonse nkhope ili gwa.

"Mbewu yanga ambiri amaifuna, amama," anatero m'Chichewa chawo cholemera Chitonga. "Eni malo ogona alendowa anabwerapo, ndinawakaniza. Lero inunso mwati ndinu mbale. Sambani m'manja tione."

Anandiponyera mtanda wa ufa wokanda kale. Ulendo wonse unali utathera pathebulo limenelo. Ndinaupinda patatu monga anandiphunzitsira amayi, n'kuukunkhuniza kuti utalike. Kenako ndinapempha lumo. Anyachirwa anandipatsa mpeni dala, ine ndinakana. Atatulutsa lumo m'chitini, ndinaucheka pamsana mopendeketsa, ndikusiya kunsonga kosacheka.

Mayi uja anakhala pansi pomwepo. "Mariya ndi ndani wako?"

"Agogo a amayi anga."

Analulutira mpaka oyandikana nawo anathamangira kudzaona. Anandikumbatira, ufa wonse n'kuthera pa diresi langa latsopano, ndipo sindinadandaule. Wa kabaza anadya buledi wotentha ndi batala wowotcha, nsomba yonona ya kumeneko, akuuza aliyense kuti iye anadziwa kale.

M'mawa Anyachirwa anatenga botolo langa n'kuyamba kuthiramo mbewu ndi chipande. Ndinagwada kuti ndithokoze, koma anandidzutsa.

"Usathokoze, mwana wanga. Ndili kamtsikana, nyumba yathu inapsa, mbewu ya agogo anga a Luwiza n'kupsera momwemo. Amama anakwera sitima, kenako malole, mpaka ku Chiromo. Anabwera ndi botolo ngati ili, owapatsa anali a Mariya, atakalamba kale. Iyi ndi yanu yomwe, ife timangokusungirani."

Ndinabwerera botolo lili pamiyendo, ndikulitsegula pang'ono m'njira kuti lipume. Zaka zonsezi tinkalira kuti madzi anatilanda zonse, osadziwa kuti zina tinazipulumutsa kale tsiku limene a Mariya anagawira mbale wawo. Pa Salima ndinaimbira foni amayi kuwauza kuti ayambe kuwongola miyendo.