Mavu a pakhonde la a Leimara

A Leimara anakwatiwa m'mudzi mwathu kuchokera ku chilumba cha Nguna. Sanabereke mwana wamwamuna, ndiye amuna awo atamwalira, malo anagwera m'manja mwa a Kalorib, mng'ono wa malemuwo. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wa a Leimara. Ndinkangoona.

A Kalorib ankafuna kugwetsa khitchini ya mayiwo kuti amangepo chisakasa chogulitsiramo chakumwa choledzeretsa cha kava, ndipo anawauza kuti abwerere kwawo. Koma pa phaso la khonde la khitchiniyo panali chisa cha mavu chachikulu ngati mbale. A Leimara ankakhala pansi pake n'kumapala zilazi, mavu akudutsa pamutu pawo ndi mbozi za m'dimba, osawaluma.

Tsiku lina a Kalorib anabwera ndi muuni wa masamba a kokonati kuti aotche chisacho. Anapeza pakhomo pamangidwa masamba awiri a mtengo wa namele mopingasa. Kwathu masamba amenewa akaikidwa, palibe wokhudza malowo, ndipo oika ndi amuna audindo okha.

"Alamu, mwasanduka mfumu liti?" anafunsa a Kalorib.

"Dzulo, inu muli m'tulo ta kava. Chotsani ngati muli ndi manja."

Sanachotse. Nkhani inapita kwa akuluakulu, amene analipiritsa a Leimara mkeka chifukwa cha namele. Anaupereka osawerama.

"Mavuwa anawalola ndi amuna anga," anatero. "Tsiku limene adzachoke pakhitchini panga, inenso ndidzakwera boti."

A Kalorib anavomera msangamsanga, akuseka. Ndani sadziwa kuti chisa cha mavu chimatha?

Kuyambira pamenepo mayiwo ankaphikira panja, kumene utsi sungafike pakhonde. Mitengo youma ya mpanda, imene mavu amapala pomanga chisa, sanaisonkhere moto ngakhale nkhuni zitasowa.

Nyengo yozizira itafika, chisa chinayamba kufa. Zipinda zake zinatsala pululu. A Kalorib anagula malata, ndipo akamadutsa ankafuula kuti, "Alendo anu adzuka bwanji, alamu?"

"Akukupatsani moni."

M'mawa wina anabwera ndi chikwanje. Chisa chinali chitauma, nyerere zikulowa ndi kutuluka.

"Mangani katundu, boti likudikira."

A Leimara sanadzuke. Anangoloza ndi mlomo pa phaso loyandikana nalo. Mavu aakazi angapo obadwira m'chisa chakale anali atapachikapo kachisa konga chala, m'kati muli timazira toyera.

"Timeneti? Ochepa chonchi?"

"Mudzabwerenso mvula ikagwa, mudzawawerenge bwino. Mudzavale malaya okhuthala."

A Kalorib anayang'ana namele, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kunyanja.

Malata aja achita dzimbiri kuseri kwa nyumba ya a Kalorib. A Leimara akupalabe zilazi pakhonde pomwepo, tsitsi lonse mbuu. Chisa chikafa, china chimamera pambali pake, ndipo khondelo lili ndi mapaso ambiri.