Diso Limodzi la Wamkaka wa ku Bvumbwe

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale ndi imvi, titangovota kumene za matipate. Bambo a Rozina anali atamwalira, geni yanga ya nsomba zouma zochokera kwathu ku Nsanje itagwa, ndipo m'nyumba mwathu ku Bangwe ana ndi zidzukulu ankayang'ana ine. Amene anandiuza za ntchitoyo anali mayi wina wa kumphakati kwathu. Anati mlamu wake, a Namakhwa, ali ndi shopu ya zipangizo za njinga ku Limbe ndipo akufuna munthu wa pakauntala. Ine sindinathokoze msanga. Ndinayamba ndafunsa kuti amene analipo poyamba anachokeranji, ndiponso kuti iyeyo apezapo chiyani ndikalembedwa.

A Namakhwa anali bambo wamfupi, wa mafuta a njinga m'zikhadabo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amake Rozi, ndamva kuti simukhulupirira munthu."

"Ngakhale inuyo," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Muyambe mawa. Amene analipo ankakhulupirira aliyense."

M'shopumo munali matayala, matchubu, masipoko, matcheni, mabuleki, mabelu, mapampu ndi zomatira. Koma pakona, pafupi ndi zenera, panali kabati yaing'ono ya magalasi a dzuwa. M'bale wawo wa ku Joni ndiye ankawatumiza. Nthawi imeneyo njinga za matayala akuluakulu, zamagiya zija zokwerera mapiri, zinali zitayamba kuoneka m'tauni, ndipo Loweruka kunkabwera anyamata a mpikisano ndi njinga zawo za matayala owonda ngati chala. Koma ambiri ogula anali anthu odyera pa njinga: amakala, amkaka, abuledi, ankhuku.

Kabati imeneyo sindinaikonde. Amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa anthu amene ankavala magalasi akuda. Munthu amakuona, iwe osamuona. Tsono a Namakhwa anandipatsa kabatiyo kuti ikhale yanga, ati chifukwa ndili ndi maso akuthwa.

Anandiphunzitsa motere. Magalasi akafika, tenga amodziamodzi, uwatambasulire patali ndi nkhope, uyang'ane mphuthu ya chitseko kudzera mmenemo, kenako uwayendetse pang'onopang'ono. Mphuthuyo ikamapindika ngati ili m'madzi, amenewo ndi oipa. Amapweteketsa mutu, ndipo wanjinga dzenje amaliona pamene palibe. Osapukuta ndi chitenje chouma, fumbi limakanda. Tsuka ndi madzi ndi kasopo, upukute ndi kansalu kofewa. Tizomangira ta timikono topita kumakutu umange ndi kasikuludiraiva kakang'ono. Timikono tikakhala totayirira, tiviike m'madzi otentha, utipinde kuti tigwire kuseri kwa khutu. Munthu wotuluka thukuta kwambiri, umudulire kalamba kuchokera ku tchubu chakutha, kamange kunkhongo.

Poyeza, kasitomala asaime njo ngati akujambulitsa. Awerame ngati wagwira mahandulo, ayang'ane kutsogolo. Felemu ikamutchinga pamwamba, si ake. Apukuse mutu, akaseseleka, si ake. Akhale okuta m'mbali kuti fumbi ndi tizilombo tisalowere pakona, koma asamate nkhope yonse, chifukwa pokwera chitunda amachita nthunzi. Za mtundu nazo zinali ndi lamulo lake. Akuda bii ndi a msewu wa tala wopanda mthunzi, monga wa ku Kameza masana. Ofiirira, onga tiyi wopanda mkaka, ndi a njira zolowa m'mitengo n'kutulukanso padzuwa, monga za ku Kanjedza. Mmenemo mizu ndi miyala zimaoneka bwino. Oyera mbee ndi a mbandakucha ndi nyengo ya ngumbi.

Koma vuto lalikulu linali mano a anthu. Kasitomala wa kuno safunsa zambiri. Amatenga magalasi n'kuwagogoda pa dzino. Akalira kuti ngwee, akuti ndi orijino, galasi lenileni. Akangoti phwi, akuti ndi feki, pulasitiki. Tinali nawo onse awiri, ndipo a Namakhwa anali ndi mawu amodzi: "Wa minibasi, wokafunsira mkazi, wokaimba paukwati, apatseni a galasi. Wanjinga ayi. Mwala ukathawa pa tayala la lole, galasi limasanduka timipeni."

Tsiku limene ndikufuna kukamba linali la m'nyengo yotentha, mvula isanagwe, fumbi lili koboo. A Namakhwa anali atapita kumaliro ku Mulanje, shopu yonse ili m'manja mwanga. Dzuwa litakwera ndinaona munthu akuyedzamiritsa njinga pakhonde, zigubu ziwiri za mkaka zopanda kanthu zili pakaliyala. Anali woonda, malaya atanyowa kumsana. Diso lamanzere linali litachita ng'ala, loyera ngati mpunga wophika. Lamanja linali lofiira, likungotuluka misozi.

"Odi mayi. Ndione magalasi."

Nkhope sindinaizindikire, koma mawuwo ndinawadziwa nthawi yomweyo. Anali Dikisoni. Kale ankaima pageti la msika wa Bangwe ndi anzake, atavala magalasi akuda, kufunsa khadi la chipani. Tsiku lina ndinaiwala langa kunyumba. Anandikhazika padzuwa pambali pa geti, Rozina ali kumsana, dengu langa la nsomba analiponda ndi nsapato, amayi anzanga akudutsa atayang'ana kumbali. Mwana analira mpaka mawu kutha. Anandimasula msika utaweruka.

Tsopano anali pamaso panga, akupukuta diso ndi kolala ya malaya.

Anafotokoza yekha, osafunsidwa. Ati anasamukira kwa akazi ake ku Bvumbwe, amatenga mkaka kwa alimi n'kubwera nawo m'tauni m'mamawa. Kuchipatala anamuuza kuti linalo linapita kale, ndipo lotsalali akapanda kuliteteza ku fumbi ndi dzuwa, nalonso litsatira. "Ndiye likapita ili, njinga ndiyendetsa ndi chiyani? Ana alipo anayi, mayi."

Anatambasula dzanja n'kusankha akuda kwambiri m'kabati monse, a felemu yachitsulo. Anagogoda pa dzino. Ngwee. Anamwetulira. "Awa ndiye enieni. Ndinkavala oterewa kale."

"Ndikudziwa," ndinatero.

Sindinama, maganizo oipa anandibwerera. Abwana kunalibe. Munthu wasankha yekha, ndi dzino lake. Ndikanangomukulungira m'pepala, palibe akanandifunsa. Msewu wa ku Thyolo ndinkaudziwa, malole a miyala ya kwale ankadutsa mmenemo tsiku lonse, osaphimba. Ndinayang'ana diso lofiira lija, likuphethira lokhalokha.

"Amenewo sindikugulitsani," ndinatero. "Bwezani."

"Bwanji? Mukuona ngati sindingakwanitse?"

"Si a njinga. Tengani awa." Ndinamutulutsira a pulasitiki, ofiirira, okuta m'mbali.

Anagogoda. Phwi. Anawaponya pakauntala. "Zidole za ana izi. Mayi, musandione zigubu."

Apa m'pamene anandiyang'anitsitsa, atapendeketsa mutu monga amachitira wa diso limodzi. "Koma nkhope yanuyi ndikuidziwa."

"Mukuidziwa. Pageti la msika wa Bangwe. Ndinali ndi mwana kumsana ndi dengu la nsomba."

Panja wina ankapopa tayala, pampu ikulira. Kenako Dikisoni anati, "Aa, zija. Tinali anyamata, mayi."

"Munali ndi ndevu."

Ndinkayesa kuti atenga njinga yake n'kumapita, kapena apepesa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Nkhope yake inauma, n'kuloza a pulasitiki aja. "Ndiye chifukwa chake. Mwandizindikira, ndiye mukufuna mundipatse zinyalala kuti diso langa lithe. Ndipatseni amene ndasankha. Kapena ndikagula kwa mavenda."

Akanagula ndithu. Mavenda anali atadzaza m'makonde monse mu Limbe zaka zimenezo, ndipo akanamupatsa a galasi akumuyamikira kuti akuoneka ngati bwana. Ndinaona kuti munthuyu sandikhulupirira, ndipo anali ndi chifukwa chomveka. Ine pamalo pake sindikanamukhulupiriranso mayi amene ndinamukhazika padzuwa. Kulumbira sikukanathandiza, kutchula Mulungu sikukanathandiza.

Pansi pa kauntala panali katoni ya magalasi othyoka. Ndinatulutsamo a galasi amene felemu yake inali itapindika, ndinatenga sipanala yomasulira mawilo, n'kutuluka naye pakhonde. Ndinawaika pasimenti, ndinamenya kamodzi, osati mwamphamvu. Anangoti phwaa. Tizidutswa tinamwazika mpaka pa tayala la njinga yake. Ndinatola kamodzi, kosongoka ngati munga, n'kumuikira pachikhatho.

"Tsopano a pulasitiki," ndinatero, ndikufuna kutenga akale m'katoni muja.

"Ayi. Amenewo mwawakonzeratu."

"Ndawakonza liti? Ndimalota kuti mubwera?"

"Akazi a ku Nsanje ndimakudziwani."

"Chabwino. Sankhani nokha m'kabatimo, atsopano. Sipanala nayi. Menyani nokha."

Ndinanena mwamantha, chifukwa katunduyo sanali wanga, ndipo pantchitopo ndinali ndisanakhalitse. Anthu anali atayamba kuunjikana: wamakala wina, amayi a nthochi, kondakitala wa minibasi amene anakuwa kuti, "Menyani madala, tione feki!" Dikisoni anasankha, anawaika pansi, anamenya. Magalasi anadumpha n'kugwera uko. Anawatola, anamenyanso, ulendo uno ndi mkwiyo wonse. Panangotsala chipsera choyera pakati. Osasweka.

Anakhala chigwadire, akuyang'ana chipseracho ndi kachidutswa kaja kali m'dzanja linalo.

"Bambo Dikisoni," ndinatero, motsitsa mawu kuti a nthochi asamve, "ndikanafuna diso lanu, ndikanakupatsani amene munasankha aja. Mukanandithokozanso."

Anadzuka n'kulowa m'shopu.

Tinakanganabe za mtundu. Iye ankafuna akuda, ine ndinati msewu wake uli ndi mabulugamu, amalowa mumthunzi n'kutuluka, ndiponso amanyamuka dzuwa lisanakwere. Ndi akuda, wa diso limodzi sangaone dzenje mumthunzi. Ndinamuweramitsa ngati ali pa mahandulo. Ndinamupukusitsa mutu, anaseseleka. Ndinatenthetsa madzi pa sitovu ya palafini, ndinaviika timikono, ndinapinda. Kuti ndione ngati tagwira, ndinayenera kumugwira mutu ndi manja anga awiri, kuseri kwa makutu. Mutu wake unali wotentha, wonunkha mkaka wosasa. Anatseka diso lija ngati mwana akumumeta. Ndinamudulira kalamba ka tchubu, kenako ndinamuuza kuti akayese pa njinga, akafike pamitengo ya kumunsi n'kubwerera. Zigubu zake ndinazitsitsa n'kuziika kuseri kwa kauntala, kuti asapitirire ulendo.

Anabwerera. Anati, "Miyala ikuoneka." Analipira, anamanga zigubu zake, n'kumapita. Zikomo sananene, pepani sananene.

A Namakhwa atabwera ndinawaonetsa magalasi a chipsera aja ndisanawapatse n'komwe moni wa kumaliro. Ndinafotokoza zonse, kupatula za pageti la msika. Anawatembenuza uku ndi uku. "Mwandiphera katundu, amake Rozi." Kenako anakhoma msomali pamwamba pa kabati, anawapachika pamenepo, sipanala pambali pake. "Wogogoda pa dzino aliyense, muzimuonetsa."

Ngati mwala unadzamugundadi Dikisoni pa msewu uja, ine sindidziwa, ndipo sindipeka. Chimene ndinaona n'chakuti anapitiriza kudutsa ndi zigubu zake zaka zonse zimene ndinagwira pa shopupo, kalamba ka tchubu kali kunkhongo. Sitinakhale pa ubwenzi. Akafika pakhonde ankangoliza belu, ine n'kudzutsa mutu. Kunyumba kwanga sindikanamulola kulowa, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndinamukhululukira. Koma amkaka ena a ku Bvumbwe anayamba kubwera mmodzimmodzi, osagogoda pa dzino. Wina ndinamufunsa kuti wamutuma ndani. Anati, "A Dikisoni. Akuti pitani kwa mayi wolusa uja wa ku Limbe. Akuti sakondana nanu, koma simunama."

Chimene ndinatenga pa ntchito imeneyo n'chimenechi. Munthu akaima pakauntala, zimene ndili naye mumtima ndi zanga, ndipita nazo kunyumba. Koma diso ndi lake, ndipo wabwera nalo kwa ine chifukwa ndine ndikudziwa chimene chingaliteteze. Sindiyenera kumukonda kuti ndimupatse choyenera, ndipo iye sayenera kundikhulupirira; ndimuonetse, amenye yekha.