Sola Yosunga Sabata

Utsi wa bulugamu wamuwisi ukandipeza, kaya ndili m'minibasi kaya ndili pa ntchito, ndimaona agogo anga aamuna, a Khoromana, atakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba akunola nkhwangwa pa mwala, malaya awo akununkha utsi womwewo ngakhale amayi atawachapa kawiri ndi sopo. Anasonkha moto pa fakitale ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka msana unakana, ndipo fungolo linawalowa m'khungu. Mudzi wathu unali kumapeto kwa esiteti, chakufupi ndi Khonjeni, pamene mizere ya tiyi imathera n'kuyamba nthochi ndi chinangwa. Mawaya a magetsi ankadutsa pamwamba pa mitu yathu kupita ku fakitale, akulira ziii nthawi ya mvula, koma sanatsikepo pa nyumba ya munthu aliyense.

Kutsidya kwa mpanda wa chinangwa kunkakhala a Mulipa, amene kale anali kapitawo wa othyola tiyi. Iwo ndi agogo anakulira limodzi, makolo awo anachokera dera limodzi ku Mozambique, ndipo ankaitanana kuti alamu ngakhale panalibe amene anakwatira mlongo wa mnzake. Ife tinali a Katolika, iwo anali mkulu wa mpingo wa Sabata. Masana aliwonse, kupatula Loweruka, ankakumana pansi pa mtengo wa mapeyala wa pamalire n'kumakangana mpaka nkhuku zitayamba kubwerera kukhola. Mlendo akanati akumenyana. Mkangano ukatentha ankasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, ndipo tsiku limene wina wadwala, mnzakeyo ankangoyenda uku ndi uku osadziwa chochita ndi pakamwa pake.

Chaka chimene ndinali sitandade sikisi, mwana wa a Mulipa wa ku Blantyre anawabweretsera sola. Inali yaing'ono, yosaposa chitseko cha khola la mbuzi, koma a Mulipa anaimangira thandala lalitali ndi makwerero ake, pakati penipeni pa bwalo, kuti aliyense wodutsa aione. Kuyambira pamenepo mkangano wa pansi pa peyala unapeza mutu umodzi.

“Alamu, tayang'anani phiri lija,” ankatero a Mulipa. “Lameta mpala. Nkhuni zanuzo zikatha, adzukulu athuwa adzaphikira chiyani? Dzuwa lilibe mlonda wothamangitsa amayi ndi chibonga. Lilibe mwini.”

“Lilibe mwini lero,” agogo ankayankha akuloza ndi nkhwangwa ku minda ya tiyi. “Dothi ilo nalonso linalibe mwini. Dikirani, adzabwera ndi mapepala, mudzagula dzuwa lomwelo. Ndipo moto wanga unkadyetsa anthu. Wodzala mtengo, wodula, wonyamula, wowaza, wosonkha, tonse tinkabwera ndi ufa kunyumba. Galasi lanulo lalemba ntchito ndani?”

“Makina othyolera tiyi abwera kale, alamu, mufune musafune. Mwana amene sawerenga adzapita kuti?”

“Makinawo akathyola, adzagulanso okha tiyiyo? Anthu opanda ntchito amamwa madzi.”

Ndikaganiza lero, onse awiri ankanena zomveka. Koma ine ndinkaona zimene a Mulipa sankaona: akangotembenuka, agogo ankaiba maso n'kuyang'ana sola ija nthawi yaitali. Inkawapweteka. Munthu amene anawotcha nkhuni zaka zonse zija analibe nyali ina koma koloboyi.

Ngati inkawapweteka agogo, ine inkandidya amoyo. A Mulipa anali ndi mdzukulu, Esinati, wa kalasi imodzi ndi ine, ndipo sola ija anaipereka m'manja mwake. M'mawa uliwonse ankakwera makwerero ndi kansalu koyera n'kumaipukuta pang'onopang'ono, ine ndikusesa pabwalo pathu n'kumamuonera m'mipata ya chinangwa. Anthu akuluakulu obwera kudzatchajitsa mafoni ankamuitana mwaulemu, “Mayi Esinati, tatilandirani.” Mayi Esinati! Mwana amene ndinkamugwetsa pa fulaye tsiku lililonse! Kusukulu ankafika m'mphuno muli mbee, ine muli bii ndi mwaye wa koloboyi, ndipo teremu imeneyo anandilanda nambala wanu amene ndinkakhala kuyambira sitandade filii. Chimene chinandipha kwambiri n'chakuti sankanyada. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Felesiya, uzibwera tiziwerengera kwathu, malo alipo.” Ndinamuyankha kuti maso anga ndi abwinobwino, safuna kuthandizidwa. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi n'kukalira ndi ukali.

Panali chinthu chimodzi chimene a Mulipa ankachita chomwe chinkaseketsa mudzi wonse. Lachisanu lililonse dzuwa likamapendeka, Esinati ankakwera n'kufunditsa sola ija chiguduli, n'kumanga m'makona ndi luzi, ndipo chinkachoka Loweruka dzuwa litalowa. Ngakhale abusa awo anawauza kuti palibe chifukwa, koma iwo anakana. Ankati lamulo limanena za wantchito ndi ng'ombe zomwe, ndipo solayo inali wantchito wawo.

“Nanga dzuwalo mwaliuza kuti lipume?” agogo ankawafunsa akuseka mpaka kutsokomola. “Tsiku lathunthu likungotayika pa chiguduli! Ine tsiku lina ndidzachichotsa ndekha, tchimolo likhale langa.”

“Pakamwa panu ndinapazolowera, alamu,” a Mulipa ankayankha. “Manja okha musunge.”

Loweruka lina kumpingo kwawo kunabwera alendo ochokera ku mishoni, ndipo a Mulipa anawaitanira chakudya cha masana kunyumba. Sabata yonseyo Esinati sankakamba china. Ati agogo ake akaima kutsogolo n'kufotokoza kuti makina atsopano angathe kulowa m'nyumba ya Mkhristu popanda kuswa Sabata, ndipo alendowo adzaona okha, ndiponso adzamuona iyeyo amene amafunditsa. Ndinamvetsera, ndikumwetulira ndi mano okha.

M'mawa wa tsikulo kunali zii. Banja lonse la a Mulipa linali kutchalitchi, amayi anali ku msika, agogo anapita kudimba. Nyimbo zinkamveka chapatali, njiwa zikulira m'mabulugamu, ndipo ine ndinadutsa pampanda, ndinakwera makwerero aja, ndinamasula luzi ndi mano. Maganizo anga anali amodzi: anene kuti Esinati anaiwala, amukalipire pamaso pa alendo, amulande kansalu koyera kaja. Chiguduli chitachoka, galasi lija linang'anima mpaka maso anandiwawa, ndipo ndinaligwira koyamba. Linali lofunda. Kenako ndinamva belu la njinga kumsewu, ndinatsika mothamanga mpaka kudzikanda bondo pa msomali, ndipo chiguduli ndinachikankhira pamalo oyamba amene ndinaona, pansi pa mulu wa nkhuni za agogo.

Masana anafika, a Mulipa patsogolo atavala jekete lawo lakuda, alendo pambuyo ndi Mabaibulo m'khwapa. Ndinali kuseri kwa nthochi. Ndinaona dzanja la a Mulipa likukwera kuti aloze, n'kuima m'malere. Sola inali pamtunda, ikumwa dzuwa la Sabata. Mmodzi mwa alendowo anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa.

Esinati analira kuti anafunditsa, ndipo agogo ake aakazi anamuikira umboni kuti anamugwirira okha makwerero. Zimenezo sindinaziganizire. Posakhalitsa kamwana kena ka alendo, kothamangitsa nkhuku yathu, kanakoka nsonga ya chiguduli pa nkhuni.

Agogo anali atangofika kumene, khasu lili paphewa. A Mulipa anabwera mpaka pampanda atanyamula chigudulicho, ndipo sanakweze mawu. Bola akanakalipa.

“A Khoromana,” anatero, ndipo aka kanali koyamba kumva akuwatchula dzina. “Zaka zonsezi mwandiseka ndi pakamwa, ine ndimasekanso. Lero mwandiseka ndi manja, pamaso pa mpingo wanga.”

Agogo anayang'ana chiguduli, anayang'ana mulu wa nkhuni, kenako maso awo anandipeza kuseri kwa nthochi n'kutsikira pa bondo langa. Ndinadikira kuti anditchule. Anatsitsa khasu pansi.

“Ngati chapezeka pa nkhuni zanga, ndiye kuti ndine,” anatero.

Pansi pa peyala sipanakhalenso munthu. Mapeyala ankagwa n'kuwolera pomwepo chifukwa banja lililonse linkaopa kuoneka ngati likutola a eni ake. Masana agogo ankakhala pa chitsa chawo akunola nkhwangwa yakuthwa kale, ndipo nthawi zina ndinkawamva akung'ung'udza okha, “Nanga batire likafa mudzalitaya kuti?” n'kukhala chete ngati akudikira yankho. Anayamba kusiya chakudya m'mbale. Ine ndinkadziwa kuti mawu awiri okha akanakonza zonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkati ndinena lero. Koma ndikaona Esinati ali pamakwerero ndi kansalu kake, akundipatsabe moni ngati kale, ndinkatembenuka n'kubwerera m'nyumba. Ndikagwade pamaso pa ameneyu? Ndinasankha kuti nkhalamba ziwiri zivutike kusiyana n'kuti iye andione ndili pansi. Ndikunena poyera, ndinali mwana woipa mtima chaka chimenecho.

Mvula isanayambe, miyendo ya a Mulipa inatupa, ndipo mwana wawo anabwera ndi galimoto kudzawatenga onse kuti akakhale ku Blantyre, pafupi ndi chipatala. Katundu atakwezedwa, Esinati anadutsa pampanda atasenza sola, mwana wa a Mulipa akumutsatira ndi batire, chiguduli chili chopindidwa bwinobwino pamwamba.

“Agogo akuti mukhale nayo,” anatero Esinati atagwada. “Akuti ku Blantyre kuli magetsi, ndipo akuti muone nokha amene ankanena zoona.”

Agogo anaimirira, anayenda mpaka pa peyala, koma galimoto inali italiza kale injini. A Mulipa anakweza dzanja pawindo, agogo anakwezanso lawo. Sanaonanenso. Uthenga wa maliro a a Mulipa unatipeza chimanga chisanache.

Choncho chinthu chimene ndinkachilirira chinabwera pabwalo pathu. Ine ndi amene ndinkaipukuta, anthu ankandipatsa ine mafoni awo, m'mphuno mwanga munayera, nambala wanu inabwerera popeza wondilanda anali atapita. Sindinamve kukoma ngakhale tsiku limodzi.

Lachisanu loyamba, dzuwa likupendeka, ndinapeza agogo akukwera makwerero ndi msana wawo wokana uja, chiguduli chili paphewa, luzi ali nalo kukamwa.

“Agogo, ife si a Sabata,” ndinatero.

“Ife ayi, akazanga,” anayankha, chifukwa ndi mmene ankanditchulira pondiseka. “Koma iyi ndi ya Sabata. Inabwera ndi chipembedzo chake. Tagwira makwererowa.”

Ndinagwira, ndipo mawu aja anatuluka okha, ndikuyang'ana zidendene zawo zong'ambika. “Ndinali ine.”

“Ndikudziwa. Bondo lija silinakandike ndi nthochi.”

“Nanga bwanji simunanene?”

Anamaliza kumanga kona imodzi asanayankhe. “Mwana wamkazi akatchuka kuti ndi wanjiru, dzinalo amakalamba nalo. Ine ndakalamba kale.” Kenako anapitiriza mawu atatsika. “Komanso usaganize kuti ndinanama kwambiri. Nditaona dzanja la alamu litaima m'malere muja, mtima wanga unavina. Ndinakondwa, Felesiya. Nsanje imeneyo sunaitole kumsewu, unaitenga m'nyumba muno.”

Anafunditsa sola ija Lachisanu lililonse mpaka chaka chimene anamwalira, ndipo sanavomerepo kuti a Mulipa ankanena zoona. Akamatchaja wailesi yawo ankanenabe kuti dzuwa lidzagulitsidwa, tidikire.

Lero ndimagwira ntchito yoika masola, ndimakhala ku Luchenza. Ndakwera madenga a masukulu, a zipatala zazing'ono, a mashopu. Pamisonkhano anthu akamakangana za kumene dziko likupita, za nkhuni, za magetsi othimathima, za makina amene akuchotsa anthu m'minda ya tiyi, ndimadzipeza ndikuyankha mbali zonse ziwiri, pena ndi mawu a a Mulipa, pena ndi a agogo, mpaka anzanga amandifunsa kuti kodi iwe uli mbali iti. Esinati ndi namwino tsopano. Ndinamuuza zonse tili akuluakulu, pa siteji ya minibasi ku Limbe, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti agogo ake ankafunsa za alamu awo mpaka sabata yomaliza. Sananene kuti wandikhululukira, inenso sindinapemphe kawiri.

Padenga la nyumba yanga pali masola anayi akuluakulu, ndipo pambali pake pali kakang'ono kakale, kamene mphamvu zake zinatha theka. Bambo a kunyumba kwanga anatopa kundifunsa kuti munthu wodziwa ntchito ngati ine ndimatayiranji tsiku lathunthu la dzuwa pa chiguduli chobookabooka. Lachisanu likafika ndimangowauza kuti agwire makwerero.