Gofu ya chikwakwa yandilanda nyumba

Loweruka lapitali, abale anga, ndinamenya mpira wa gofu koyamba chibadwire. Ndinaumenya bwino kwambiri, ndipo mpaka lero kunyumba sakundilankhula bwino.

Kukampani ya boma kumene ndine kalaliki kunatsala nyumba imodzi ku Matero, ya mpopi m'kati. Oyifuna tinali awiri, ine ndi mnzanga wa muofesi, a Mwansa. Mkazi wanga, amake Tisa, watunga madzi pampopi wa gulu ku Chawama zaka khumi ndi ziwiri, ndipo makatani a nyumbayo anali atasoka kale m'mutu mwake.

Tsono abwana anatiitana tonse awiri kuti tikasewere nawo gofu Loweruka. Mukudziwa inunso kuti masiku ano wamkulu aliyense ali ndi thumba la ndodo m'galimoto. Kalata imagona muofesi miyezi itatu, koma nkhani yomweyo imatha pa kapinga dzuwa lisanapendeke.

Ndinathamangira kwa a Zulu, oyandikana nawo nyumba, amene atchetcha udzu kubwalo la gofu kuchokera nthawi ya azungu. Ndodo sanaloledwepo kuigwira, koma aona akuluakulu onse akumenya ndi kuphonya. Anandipatsa chikwakwa nandilozera udzu wa kuseri kwawo.

Nditangomenya kamodzi anagwira kumutu.

"Ba Phiri, imwe mumenya monga mupaya njoka! Mukakweza, osayamba na manja potsika. Chiuno chiyambe, thupi ipite ku mwendo wa kumanzere, manja yabwele kumbuyo."

Ndinayesanso. Chikwakwa chinakumba dothi.

"Vuto ili apa pomanga nkoloko," anatero akugwira mfundo ya dzanja langa. "Mutambasula mwamsanga, mphamvu yonse isilila mumwamba. Siyani yopinda mpaka manja yafike pa ntchafu. Manje apo, lekelelani, izachita yeka."

Ndinasunga mfundoyo yopinda, mtima ukundiuza kuti ndachedwa, ndipo manja atafika pantchafu ndinalekerera. Chikwakwa chinalira mluzu, udzu n'kugona wokha. Madzulo asanu ndinatchetcha kwa a Zulu, kwa apongozi awo, mpaka kwa atcheyamani a Chipani a m'dera lathu, amene anaganiza kuti ndikufuna udindo.

Loweruka abwana anayamba. Anatambasula dzanja ndodo ikadali kumwamba, mpira n'kudumphadumpha kukaima pafupi ndi kamtengo. A Mwansa anaomba m'manja ngati aona chozizwitsa. Itafika nthawi yawo anaphonya katatu, akupukusa mutu.

"Ba bwana, ivi vinthu ni va imwe chabe. Ise sitingakwanise."

Kodi ine ndinamva chenjezo m'mawu amenewo? Ayi ndithu. Ndinaona udzu wa a Zulu m'maso mwanga, chiuno chinatsogola, mfundo inadikira. Phaa! Mpira unadutsa kamtengo ka abwana uli m'mwamba, n'kukatera kutali kosaoneka bwino. Ndinasangalala ngati mwana, sindibisa. Ndinatembenuka ndikuseka, koma panalibe wina woseka.

"Munaphunzira kuti?" anafunsa abwana.

"Kwa ba Zulu, bwana, aja ali na chikwakwa uko."

Lolemba makiyi anapatsidwa kwa a Mwansa.

Tili ndi chizolowezi choipa m'dziko muno. Pamsonkhano timalankhula za umunthu ndi kufanana, koma wamkulu akanena nthabwala yozizira timaseka mpaka kutsokomola, akalakwitsa samu timati pensulo ndiyo yolakwa. Amene akudziwa chinthu timamusiya kunja kwa mpanda ndi chikwakwa. Nanga tikapitiriza kuphonya dala kuti akulu asakwiye, adzamenye molunjika ndani?

Ine ndinafika kunyumba ndi maganizo okongolawa, ndikuyesa kuti amake Tisa andimvetsa. Ndinawapeza akutula ndowa pakhomo, khosi litanyowa. Ndinawafotokozera zonse, za chiuno, za ntchafu, za mluzu wa chikwakwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa ine, ndipo manyazi anandigwira.

"Atate Tisa," anatero motsitsa mawu, "imwe mukhomelela msomali muphonya, mumenya chala. Mutema nkhuni muphonya. Manje tsiku limodzi chabe yamene banja yonse inafuna kuti muphonye, ndiye mwalasa?"

Owerenga anzanga, amene ali ndi yankho andithandize, chifukwa mawa m'mawa ndowa ija ndikasenza ndine.