A Musaphethire ndi mphuno mazana atatu

Ine ndine telala, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi shopu yanga yakhala yogundizana ndi ya bambo ojambula zithunzi amene msewu wonse umawatchula kuti a Musaphethire. Chotilekanitsa ndi thabwa lopyapyala la pulayiwudi basi, moti akayetsemula kwawoko ine ndimaphonya msoko. Dzinalo linachokera pa mawu amene amanena asanadine batani la kamera. Amawanena kwa aliyense, kaya ndi khanda, kaya ndi wapolisi, ndipo tsiku lina anawanena kwa galimoto imene mwini wake ankafuna kuigulitsa.

Ntchitoyi anaiyamba kalekale, nthawi ya mafilimu, akutsuka zithunzi m'kachipinda kamdima ka babu lofiira. Amati nthawi imeneyo munthu unkayamba waganiza usanadine, chifukwa filimu ikatha yatha. Masiku ano amajambula zithunzi za pa ziphaso, amakonza makamera owonongeka, ndipo m'kabati yagalasi pafupi ndi khomo amaikamo ena ogulitsa.

Koma kugula kamera kwa iwo kuli ngati kulemba mayeso. Amayamba akufunsa chimene ukufuna kukajambula, ndipo ukayankha mopanda mutu amatseka kabati. Ndamva zambiri kudzera pa pulayiwudiyo. Mphunzitsi wina anabweza kamera, ati inkamukalambitsa. Bambo wina anaichapa ndi sopo italowa fumbi, n'kubwera kudzadandaula kuti anamugulitsa chinthu chosalimba. Mayi wina ankafuna yojambula kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti aziona amene akumujeda. Anthu oterewa akachoka, a Musaphethire amabwera pakhomo panga, manja ali m'chiuno, akungopumira m'mwamba ngati akwera phiri.

Chimene chinawapsetsa mtima koposa sichinachokere kwa mlendo ayi. Chinachokera kwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo. Bamboyu ndi mkulu pa ofesi ina ya inshuwaransi, munthu wovala tayi ndi Loweruka lomwe. Atapita kunja pa ntchito, anabwerako ndi chikamera chachikulu, galasi lake lalitali ngati botolo. Sanafunse munthu. Anangolowa m'sitolo n'kuloza yodula kuposa onse.

Mwezi womwewo mwana wamkazi wa a Musaphethire ankamaliza maphunziro a unamwino. Bambo ake anali atakonzeka kale: kamera yawo yakale ataipukuta, mabatire atadzaza, malaya a tsiku la mwambo wolandira satifiketi nditawasokera ine. Kutatsala masiku awiri akazi awo anabwera ku shopu, ndipo ndinamva akuwauza mozungulira kuti akubanja agwirizana zoti adzajambule ndi achimwene, poti kamera yawo ndi yamakono, imadziwa yokha chochita. Iwo apume, akakhale pansi ngati kholo.

Kenako ndinamva a Musaphethire akuyankha ndi mawu otsika kwambiri.

"Akazi anga, zaka makumi atatu mwadya za kamera iyi. Lero ndiye yachepa?"

"Si choncho, amuna anga. Kungoti ya achimwene ija ndi yaikulu."

"Firiji nayonso ndi yaikulu. Bwanji osanyamula imeneyo ikajambule?"

Komabe anagonja, chifukwa mwanayo sankafuna mkangano pa tsiku lake. Nanenso ndinaitanidwa, ndipo ndinaona ndi maso angawa munthu amene wajambula maukwati osawerengeka atamusenzetsa chikwama cha kamera ya mlamu wake. Mlamuyo ankathamanga uku ndi uku, kugwada, kukwera pampando, kamera ikungolira ngati makina anga osokera. Kawiri konse a Musaphethire anamunong'oneza kuti galasi lija walikoka mpaka kumapeto, likuona zinthu pafupi kwambiri, alibweze pang'ono. Anawayankha anthu akumva kuti izi n'zamakono, sizifuna uphungu wa anthu a mafilimu.

Lolemba m'mawa mlamu uja anatulukira, kamera ili m'khosi, nkhope itakwinyika. Ndinasiya kusoka n'kupita kukabwereka sizasi imene sindinkaifuna n'komwe. A Musaphethire anaika kakhadi kosungira zithunzi mu kompyuta, tonse atatu n'kuweramira. Chithunzi choyamba inali mphuno. Chachiwiri inali mphuno ina, yonyezimira ndi thukuta. Kenako khutu la ndolo, batani la jekete, mano a munthu amene mpaka lero sitikumudziwa, ndiyeno mphuno zinanso. Zithunzi zinalipo zoposa mazana atatu, koma panalibe ngakhale chimodzi chooneka munthu wathunthu. Pa nthawi imene mwanayo ankalandira satifiketi, kamera inagwira mphonje za pachipewa chake zokha, zooneka bwino moti ulusi uliwonse unkawerengeka.

Ine ndinkayesa bamboyo apepesa. M'malo mwake ananena kuti kamerayo inabwera ndi vuto kuchokera ku fakitale, ndipo analamula, ngati akulankhula ndi wantchito wake, kuti zithunzizo azifutukule anthu aoneke onse.

"Ndizifutukule bwanji, alamu?"

"Matupiwo ali mkatimo. Pamene ndinkawajambula anthuwo anali athunthu. Inu si katswiri kodi? Atulutseni."

A Musaphethire anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Zimene ananena sindingazibwereze zonse. Anamuuza kuti kugula jakisoni sikusandutsa munthu dokotala. Anamuuza kuti kamera imajambula chimene wailozetsa, ilibe nzeru zapadera zobwereketsa mwini wake. Anamufunsa ngati buku la malangizo analitsegulapo, ndipo zinapezeka kuti bukulo linali likadali m'pulasitiki yake, pansi m'chikwama chomwe chija iwo anasenza tsiku lonse. Mawu anakwera mpaka wometa tsitsi wa tsidya la msewu anazimitsa makina ake kuti amvetsere bwino. Mlamuyo anatuluka akung'ung'udza kuti nsanje ndi matenda.

Amene analira ndi mwanayo. Zimenezi n'zimene zimandiwawa ine mpaka pano: zaka zitatu akuvutika ndi mabuku, tsiku limodzi lokha losabwerezeka, anthu akuluakulu n'kuliwononga pofuna kusangalatsa munthu wa tayi. Gauni anali ataibweza kale kusukulu. Ndinatenga nsalu yakuda imene ndinali nayo n'kusoka ina yofanana nayo m'masiku awiri, chipewa tinachipanga ndi katoni. Loweruka lotsatira banja lonse linadzadzana mu shopu muja, kutsogolo kwa nsalu yabuluu yojambulirapo anthu.

Mlamu anabweranso, wosaitanidwa, ndipo mchemwali wake anachonderera kuti, pofuna kuti chibale chisathe, chithunzicho chijambulidwe ndi kamera yomwe ija. A Musaphethire anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Kenako anaitenga kamerayo, anapotokola galasi, kudina apa ndi apo, kusuntha nyale, kukweza chibwano cha mwana wawo ndi chala chimodzi, n'kujambula kamodzi kokha.

Chithunzicho chinatuluka chokongola zedi. Chili pakhoma m'nyumba zinayi za pachibale, ndipo aliyense wochiona amayamikira kamera ya amalume ake a mwanayo. Apongozi awo aakazi a Musaphethire anafika ponena pamaso pawo penipeni kuti mwaona, tinkanena ife, kamera yabwino imadziwika ndi ntchito zake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo dzanja limene linaigwira. Za gauni yanga ndiye sindinena n'komwe.

Mwezi wathawu mlamu uja anatulukiranso. Ati kamera ija waiona kuti ikuchepera luso lake, ndiye akufuna amulangize ina yaikulupo, chifukwa kuntchito kwawo amusankha kuti azijambula pa misonkhano ya akuluakulu. Ndinaimitsa makina kuti ndimve yankho.

"Langizo langa n'limodzi, alamu. Mukawauze akuluakuluwo azibwera atamina bwinobwino."

Bamboyo anagwedeza mutu mwaulemu, anatulutsa foni, n'kulemba langizolo kuti asaiwale.