Bokosi Lochokera ku Joni

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitamera kale, ku sukulu ya kwacha, zipani zitangochuluka m'dziko muno. Anzanga atadziwa zilembo anathamangira Baibulo. Ine ndinathamangira buku la zithunzi limene aphunzitsi athu ankakhalira pa benchi kuti thalauza lisade. M'bukumo munali zida za ukalipentala zokhazokha, za sitolo ina ya ku Joni imene inkatumiza katundu pa positi. Ukalipentala ndinkauchita kale, koma ndi sowo yoguluka mano ndi puleni yobwereka. Nditagulitsa fodya chaka chimenecho, aphunzitsiwo anandithandiza kuitanitsa puleni, sowo, matchizulo ndi zitsulo ziwiri zazitali zopanira matabwa pomata tebulo. Mtima wanga unali pa zitsulozo. Akalipentala onse kwathu ankamanga matabwa ndi malegeni, ndipo ine ndinkafuna kukhala woyamba kupana ndi chitsulo.

Katunduyo anafika mvula itayamba, aphunzitsi atapita kwawo kutchuthi. Ndinakamutenga ku positi ya ku Namitete pa njinga. Sanali m'katoni ayi. Anali m'bokosi la matabwa oyera, lopapatiza, lalitali kufika m'chiuno ukaliimika, lokhomedwa bwino ndi misomali. Ndinalimanga chopingasa pa kaliyala n'kulifunditsa nsalu yakuda ya akazi anga kuopa mvula. Kupalasa kunakanika chifukwa cha kulemera, ndiye ndinayamba kukankha.

Pakhonde la positi panali bambo wina wa m'mudzi mwathu, wogulitsa usipa. Ndisanalifunditse anayang'ana bokosi, anayang'ana masitampa a ku Joni, anayang'ana nkhope yanga, n'kuvula chipewa. Sanafunse kanthu, poti wonyamula maliro sachulutsiridwa mafunso panjira. Anangokwera njinga yake n'kuliyatsa liwiro lolowera kwathu. Nkhope yangayi ndi yotero, anthu amandipepesa ngakhale pa ukwati. Komanso mudzi wonse unkadziwa kuti mng'ono wanga anapita ku migodi ya ku Joni kalekale, osabwerera, osalembanso. Ulendo wa ku migodiwo unali wanga. Chimene anapitira iyeyo m'malo mwanga si nkhani ya lero. Kungoti kuyambira pamenepo mlongo wathu, amene tinatsala naye pamudzi, ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Panjira okwera njinga ankatsika ndikamadutsa. Ngolo inapatukira m'munda wa eni. Poyamba ndinkati kapena anthu akudziwa kulemekeza zida zabwino. Ndinazindikira pamene amayi ena ochokera kuchigayo anatula ufa wawo n'kukhala pansi m'matope.

"Mayi, dzukani," ndinatero. "Muli zida za ukalipentala umu."

"Pepani, bambo. Limbani mtima."

Dzuwa linandilowera pa esiteti ina ya fodya, ndipo ndinapempha malo kwa tenanti wa ku Phalombe. Bokosi anakana kuti lilowe m'nyumba. Analiika m'chigafa, pa mphasa yatsopano, n'kuitana anzake kudzakhala nalo. Nditawafotokozera anagwedeza mitu, nati kwawonso munthu chisoni chikamukulira amayankhula zoterozo. Kutsegula sindinafune. Zida zatsopano pakati pa anthu osawadziwa, ndinaopa kuti kukacha ndipeza sowo palibe.

Ndinafika kwathu, kufupi ndi Kabudula, m'mawa mwake dzuwa litakwera. Pamsewu anali atayala masamba. Amayi a chigwirizano anali atavala zoyera, akuimba pakhomo pa mlongo wanga. Mbuzi yanga yaikazi inali itasendedwa kale. Akazi anga ndinawapeza kuseri, akutsuka mbale za pamaliro.

"Inu simunawauze?" ndinawafunsa.

"Ndinawauza. Akuti mtengwa sayankhula pa maliro a eni mudzi. Ndiye ndinati bola nditsuke mbale."

Anyamata analanda bokosi pa njinga n'kulilowetsa m'nyumba mwaulemu, mutu patsogolo, ngakhale sindikudziwa anadziwa bwanji kumene kunali mutu. Mlongo wanga analigwera akulira, akuitana mng'ono wathu, akuti wabwera mafupa okhaokha ngati nkhuni, wabwera pa positi ngati kalata. Ndinabwereka hamala, n'kuzula misomali anthu akundigwira manja. Chivundikiro chitachoka, nyimbo inaduka pakati. Munali udzu wouma, ndipo pa udzupo puleni inali kunyezimira, yopakidwa mafuta.

Gogo wina wosaona bwino anasuzumira nati, "Waonda, eti?"

Ena anaseka, ena anatuluka. Mlongo wanga sanaseke. Anapukuta nkhope ndi nsalu, nandiyang'ana m'maso koyamba pa zaka zambiri.

"Achimwene, ine ndalira kale. Misozi imeneyi ndiibweze kuti?"

Ndisanayankhe analowa mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, miyendo ili dothi lofiira mpaka m'mawondo. Pa maliro adzukulu sakanizidwa kanthu ndipo amanyoza aliyense.

"Kodi mwini maliro ndi uti, wa mano uyu kapena wonenepa uyu?" anatero akuloza sowo ndi puleni. "Ife takumba kuyambira mbandakucha. Dzenje siligona lopanda kanthu, likapanda kudya lero lidzaitana wina. Mulowamo ndinu, akalipentala?"

Mwambo wake ulipo. Manda akakumbidwa thupi palibe, timaikamo chipatso cha mvunguti n'kukwirira. Ndinavomera msanga, bokosinso ndinapereka, ngakhale matabwa ake anali abwino kuposa onse amene ndinapalapo. Koma mkulu wa adzukulu anati chimene chalowa m'nyumba ya siwa ndi nyimbo chimatuluka ndi nyimbo, zonse zimene zili m'bokosi zipite. Apo ndinagwada. Ndinati fodya wa chaka chonse ali m'menemo. Ndinati munthu sakwirira khasu lake. Tinakangana mpaka nyama ya mbuzi yanga inapsa, ndipo atadya mtima wake unafewa pang'ono. Anati wogamula akhale mlongo wanga, poti ndiye walira kwambiri.

Ndinatulutsa zida zonse n'kuziyala pa mphasa. Adzukulu anaika mvunguti m'bokosi, atakulunga m'nsalu ya akazi anga ija. Mlongo wanga ananyamula bokosilo mbali imodzi, n'kulitsitsa.

"Mng'ono wanu sanali wopepuka chonchi."

"Alongo, ndi mvunguti umenewo."

"Ndikudziwa chimene chili m'menemo. Ndati sanali wopepuka chonchi. Anthu anyamule chinthu chomveka paphewa."

Ndinamupatsa matchizulo. Anawayesa m'manja n'kuwabweza. Ndinamulozera miyala ya pakhomo, iye anati mbale wake si chimbudzi choti achithire miyala. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mphasa ngati akusankha tomato, anadutsa sowo, anadutsa puleni, n'kuima pa zitsulo zanga ziwiri zija. Anaziika yekha, china uku china uku, mvunguti pakati. Zinakwana bwinobwino, poti bokosilo analipangira zomwezo.

"Khomani," anatero, akundipatsa hamala.

Ndikanatha kukana. Zitsulozo zinali zanga, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa. Ndinayang'ana mlongo wanga, n'kutola misomali imene ndinazula ija, n'kuiwongola pa mwala. Ntchito yoyamba imene ndinagwira ndi katundu wa ku Joni inali imeneyo.

Mkulu wa mpingo anati iye sangapempherere zitsulo, koma nyimbo sanaletse, ndipo pofika kumanda ndi amene ankatsogolera. Onyamula ankasinthana akudandaula kuti malemu akulemera. Wogulitsa usipa uja anayankhula m'malo mwa anzake a malemu, ngakhale mng'ono wanga anachoka iye asanabadwe. Ine anandiuza kuti ndiponye dothi loyamba. Linagunda pa bokosi, zitsulo zinalira m'kati, ndipo amayi anayambiranso kulira. Apo nanenso ndinalira, ndipo palibe anandifunsa kuti ndikulira chiyani.

Ngati mng'ono wanga ali moyo kwinakwake, ali ndi manda abwino kwathu, mlongo wathu amawalambula chaka ndi chaka. Pometa maliro amene anandimeta ndi mlongo wangayo, ndi lezala lobuntha, n'kundicheka khutu pang'ono.

"Musagwedezeke, achimwene," anatero, atandigwira mutu ndi dzanja lake lonse.